Chimene Chinkatupitsa a Elifala

Debora anapereka thumba lomaliza la mtedza kwa mlamu wake, kenako n'kulamula kuti mtondo wa nsinjiro utsukidwe katatu. Ana ankangoonerera ngati ali pamaliro. Kuletsa munthu wa ku Ntchisi ndiwo zotendera ndi nkhanza ndithu, koma mayiyu anali pankhondo.

Nkhondoyo inali ya milomo ya amuna ake. A Elifala, mkulu wa mpingo kwa zaka khumi ndi zisanu, anali atayamba kutupa pa Mgonero. Akangolandira, nyimbo yotsekera isanayambe n'komwe, milomo inkafufuma, zikope n'kutsekeka, munthu wamkulu n'kumaoneka ngati waputa mavu. Ulendo woyamba anthu anati pepani. Wachiwiri anangoyang'anana. Wachitatu amayi a Chigwirizano anayamba kunong'onezana kuti gome la Ambuye silinamizika.

Debora zimenezi zinkamuwawa mpaka kulira. Amuna ake ankawadziwa ndi iye: munthu wosalawa mowa, wopempherera ngakhale chimanga chokazinga, woumira moti buledi ankati ndi mphepo yogula ndi ndalama, tiyi n'kumamwera mbatata chaka chonse. Munthu wotere tchimo angalitole kuti? Pa wailesi Debora anali atamva kuti zakudya zina zimawenga anthu, ndiye anagamula yekha kuti vuto lili m'mbale.

Oyamba kuthamangitsidwa anali mazira. Nkhuku zinkangoikira, onenepa ali agalu a eni. Unatsatira mkaka wa m'tiyi, kenako nyama ya soya. Wogulitsa usipa wa panjinga anachenjezedwa kuti akafika pakhomopo azidutsa mbali imene mphepo ikulowera, osalizanso belu. Lamulo linagwira nyumba yonse, poti Debora ankati ziwengo zimatha kudumpha kuchoka m'mbale ina kulowa m'mbale ina. Hana, mwana wawo woyamba, atabwerako kusukulu akununkhira chiponde, anatsukidwa m'kamwa pachitsime asanaloledwe kupereka moni kwa bambo ake.

Mtedza utachoka, pakhomopo panatsala nkhwani wa mchere ndi mbatata. Malamba anabooledwa zibowo zatsopano. A Elifala sankadandaula, ankangoyang'ana pansi n'kumausa moyo, ndipo Debora ankati uku ndiye kufatsa kwa oyera mtima.

Mgonero wotsatira unafika. A Elifala, atawonda ngati nsungwi, analandira, n'kutupa kuposa kale lonse.

Akulu a mpingo sanafunenso zambiri. Anawaitana kuti Loweruka akaonekere pamaso pa abusa. Akapezeka olakwa, ukulu uthera pomwepo, n'kudulidwanso.

Lowerukalo m'mamawa Debora anakwera kabaza kupita kuchipatala, buku la odwala la amuna ake atalimanga m'chitenje. Dokotala, mtsikana wosachedwa ndi nkhani, anamvetsera mndandanda wonse wa zakudya zothamangitsidwa, kenako anafunsa:

"Mayi, pa Mgoneropo amadya chiyani?"

"Thupi la Ambuye."

"Eya, koma lopangidwa ndi chiyani?"

"Buledi basi."

"Nanga kunyumba buledi amadya? Mandasi? Sikono?"

"Iwo aja? Olo kununkhiza!"

"Ndiye mwazunza ana chabe. Chikuoneka kuti chikuwawenga ndi tirigu. Mubwere nawo tidzawaone bwino, koma pakadali pano asalawenso."

Debora anapempha kuti mawuwo alembedwe m'bukumo ndi zilembo zikuluzikulu, adindenso chidindo. Pobwerera wakabaza anavutika naye, poti mayi ankaimba nyimbo zachitamando uku akumumenya pamsana kuti athamange. Chitunda chomaliza anakwera wapansi, nsapato zili m'manja. Mumtima ankasanja kale mayina a amayi a Chigwirizano amene adzabwere kudzapepesa, ndi mpando umene aliyense adzamanidwe.

Atafika kutchalitchi, chitseko cha chipinda cha akulu sanagogode n'komwe.

"Abusa, imani kaye! Si tchimo ayi, ndi tirigu! Onani chidindo ichi!"

A Elifala anali chogwada pakati, maso ali ofiira. A Nedson, mlembi wa mpingo, anali atadzaza masamba atatu, ndipo ankapukusa dzanja kuti lipume.

Abusa anawerenga bukulo pang'onopang'ono, n'kuvula magalasi.

"Mayi, zikomo. Koma mwachedwa pang'ono. Angomaliza kumene kuulula."

A Elifala anadzutsa mutu, nkhope ikuwala ngati munthu amene wapeza yankho la samu yovuta.

"Tirigu? Kani! N'chifukwa chaketu ka Mwayi kanga ka ku Kasakula kamatupa kakadya mandasi."

Debora anabereka ana anayi, ndipo pa anayiwo panalibe Mwayi.