Tambala Wotsala wa ku Chiosya

M'mawa wina wa Okutobala chaka cha 2004, chitopa chitasesa makola a ku Chiosya n'kusiya tambala mmodzi yekha, wa a Esitele, alamu awo a Benedicto anatulukira atapanira m'khwapa thadzi lawo lotsala.

A Benedicto ndiwo aja anaseka n'kumati tambalayo wadwala maso tsiku limene mlangizi wa ziweto ankamudontheza katemera m'diso, akufotokoza kuti chitopa chimatseka pakamwa alonda a m'thupi asanakuwe, koma dontholo limawaphunzitsa kukuwa msanga.

"Alamu, ndakubweretserani mtengwa," anatero a Benedicto, maso ali pansi.

A Esitele anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Kwa tambala wodwala maso uja? Alowe ndithu, koma pakhomo pano mtengwa amayamba wadonthezedwa."

A Benedicto anakaitana okha mlangiziyo panjinga. Mvula yoyamba inapeza thadzi lija likutsogolera anapiye asanu ndi anayi.