Chitseko cha kutsidya

A Bonifasi adali kuwongola misomali pamwala pomwe mayi uja adatulukiranso. Adabisa hamala msanga, n'kupukuta manja pa thalauza.

Malonda awo adali a zogumula. Ankagulitsira pamsika wa m'mbali mwa msewu waukulu, kumwera kwa boma la Dedza, paja ukangodumpha msewu ndiye kuti uli kale ku Mozambiki. Nkhondo itakula kutsidyako anthu adathawa n'kusiya nyumba, ndipo eni ngolo ankapita kukazula malata, mafelemu ndi njerwa kudzagulitsa kuno. A Bonifasi ankagula, kumata mabowo a malatawo ndi tala, n'kugulitsa kwa alimi a kachewere otopa ndi denga la udzu. Za eni katunduyo sankafunsa.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chidawakanika kugulitsa. Chidali chitseko cha mlombwa, cholemera kwabasi, chimene eni ngolo adachizula pamodzi ndi felemu yake chili chokhoma. Kiyi padalibe. Chidangoima chotsamira bulugamu, ogula n'kumachigwedeza uku akuseka.

Mayi uja adali a Magadalena, mmodzi mwa othawa nkhondo amene adapatsidwa malo pachitunda, kuseri kwa tchalitchi. Tsiku lililonse la msika ankabwera okha. Ankapereka moni mwaulemu, kuima pafupi ndi chitsekocho, kuchisisita pang'ono, osagula ngakhale msomali. Pochoka ankafunsa ngati a Bonifasi adzakhale pomwepo sabata yamawa.

Tsono a Bonifasi akazi awo adamwalira kalekale, ndipo chisanu cha ku Dedza sichimvera chisoni munthu wogona yekha. Nkhaniyo adaiganizira mofatsa n'kuipeza yophweka. Kodi mayi wanzeru zake angamatsike chitunda chonsecho kudzaona chitseko chosatseguka? Chitsekocho chidali pobisalira chabe, poti munthu wamkazi sangangoima pamaso pa mwamuna popanda chifukwa. Komanso amayi ambiri a kutsidya adafika opanda amuna awo, aliyense ankadziwa zimenezo.

Adayamba kumeta ndevu. Jekete la pa Khirisimasi lidayamba kuoneka pakati pa malata adzimbiri. Ngakhale khadi la chipani, limene ankalisunga m'sokosi, adaligulira kachikwama kuti asamawerame pamaso pa anthu polowa mumsika. Kunena zoona, bamboyo adakonda, ndipo adakonda ndi mtima wonse ngati mnyamata.

Mlongo wawo Monika, yemwe ankagulitsa kabichi pafupi nawo, adaona zonse.

"Achimwene, mayiwa mudawafunsa za kwawo? Paja safunsa adadya phula."

"Iwe Monika, zinazi safunsa," adayankha akukonza kolala. "Gulitsa kabichi."

Tsiku limenelo kudabwera mwini golosale wa ku Linthipe, munthu wosadziwa kunenerera mtengo. Adachikonda chitsekocho. Adati loko si nkhani, akafika kwawo akaiswa ndi tchizulo n'kuikapo ina. A Bonifasi adacheuka kuyang'ana a Magadalena. Nkhope ya mayiyo idali itagwa, dzanja litagwira felemu zolimba, misozi ili lengelenge m'maso.

Mtima wa a Bonifasi udasungunuka. Taonani, mayi akulira chifukwa chitseko chikapita sadzakhalanso ndi chifukwa chobwerera! Adamuuza wa golosaleyo kuti chitsekocho sichogulitsa. Monika adatsala pang'ono kugwera m'dengu la kabichi. Adawakumbutsa kuti mvula yayandikira ndipo feteleza sadagule, koma iwo adangomuuza kuti ayang'anire misomali.

Kenako adalengeza, msika wonse ukumva, kuti chitsekocho akuwapatsa a Magadalena chaulere, ndipo akawasiyira okha pakhomo. Wina adati awabwereke ngolo. Adakana. Mphatso yotere imafika pamutu pa mwini wake.

Mlombwa si paini. Asadafike n'komwe patchalitchi khosi lidali litalowa m'mapewa, jekete litanyowa. A Magadalena adali patsogolo, akucheukacheuka kuwapempha kuti asachigwetse. A Bonifasi ankangomwetulira pansi pa katunduyo, uku akukonza mawu mumtima. Akati chitseko chimafuna khoma, khoma limafuna womanga, ndipo womangayo ndi uyu wabwera yekha.

Adafika pakanyumba kaudzu, pakhomo pake patalendewera chiguduli. Ataona chigudulicho kukayika konse kudatha, poti ndi mwamuna uti angalole mkazi wake kugona kuseri kwa thumba? Adatula chitseko, n'kuchitsamiritsa pa mtengo wa pichesi. Adapuma kaye, kupukuta thukuta, n'kukhosomola.

"Mayi, ine ndili ndi mawu. Koma choyamba mundikhululukire, kiyi wake adatsala ndi eni ake kutsidyako. Mawa ndibwera ndi tchizulo."

A Magadalena adamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo, n'kutulutsa kiyi wakuda ndi thukuta. Adamulowetsa, kupotokola kamodzi, chitseko n'kutseguka bwinobwino. Kenako adagwada, kuwomba m'manja, n'kutembenukira kuchiguduli kuja.

"Bambo a Elena, tengani ndodo zanu mutuluke mudzawathokoze achimwenewa. Chitseko chanu chija mudapala nokha atibwezera, ndipo achita kuchisenza pamutu."