Timadontho Pansi pa Mzere Wofiira

Kadontho kachitatu nako kanagwera pansi pa mzere wofiira. Justina ankayeza kutentha kwa mkaka ola lililonse pa kafakitale kena ku Chongwe n'kumalemba kadontho pa tchati, ndipo tchaticho chinkaonetsa kuti makina sakuwiritsa mokwanira.

Kapitawo wake, Ba Langford, anasuzumira pepalalo. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta timadontho tonse titatu.

"Lembanso pamwamba pa mzere apa, iwe. Motoka ya ku Lusaka iyembekeza."

"Ba Langford, mkaka uyu bazamwa ni bana ba sukulu."

"Ni bana bako?"

Pepala linali litanyowa, likununkha fodya. Justina anaika pensulo pansi, nadutsa pakati pa makatoni, n'kukazimitsa makina kapitawoyo akuona.