Foni ya pa Benchi Yakutsogolo

Japhet anali atangoima kuti ayambe kulalikira pamene anaionanso foni ija. Mayi yemwe uja, pa benchi yomwe ija yakutsogolo, pafupi ndi chimkuzamawu. Anaigwira chokweza ngati munthu wosaka netiweki, maso ali pafoniyo m'malo moyang'ana mlaliki.

Mayiyu anali Dalesi. Anayamba kubwera kutchalitchi cha ku Nselema mvula itangosiya, pa kabaza kuchokera ku Ntaja, ngati kuti ku Ntajako matchalitchi anatha. Sankaimba nawo, sankatsalira kucheza, ndipo ankaoneka Lamulungu lokhalo limene wolalikira anali Japhet. Amayi a mumpingo anali atayamba kale kugwirana pakamwa. Japhet zimenezo analibe nazo ntchito. Chomwe chinkamunyansa chinali foniyo.

Japhet anali ndi bala lake. Dzina lake lobadwa nalo linali Ali, mwana wa Che Umar, telala wa pamsika wa Ntaja. Tsiku limene anabatizidwa, bambo ake analumbira pamaso pa abale kuti sadzamuyankhulanso, ndipo Che Umar sanali munthu wobweza mawu. Zaka zinadutsa. Japhet anakwatira, anabereka, anayamba imvi, koma akakumana ndi bambo ake pamsika, mkuluyo ankangoweramira makina ake osokera.

Tsono chaka chino Sharifa, mlongo wake, anatumiza uthenga kuti bambo akudwala, miyendo yatupa, kumakina sakupitanso. Japhet ankafuna kupita. Ankaopa chinthu chimodzi: kubwezedwa pakhomo anthu akuonerera. Choncho anaitula nkhaniyo kwa Mulungu. Ndipite kapena ndisapite? Anasala kudya, anakwera phiri, anagwada mpaka maondo kuchita zikang'a. Kumwamba kunali zii.

Zinamuwawa kwambiri. Iye, wouza anzake kuti Mulungu amayankha, kukhala wosayankhidwa! Pomalizira anapeza wolakwa. Linali phokoso. Mawailesi, njinga zamoto, nyumba zoonetsera mpira, makamaka mafoni, tizinthu tosalola munthu ngakhale kutsinzina popemphera. Yake anaizima n'kuitsekera m'sutikesi, ndipo anakonza ulaliki woti utsegule anthu m'makutu.

Analalikiradi mwamphamvu tsiku limenelo. Anati Mulungu sakuwa ngati woitanira minibasi. Anati amayankhula motsitsa, ndipo munthu wa makutu odzaza ndi zam'foni angafe osamumva. Anthu ankavomera, ena akubisa mafoni awo m'zitenje ndi m'matumba. Dalesi yekha ndiye sanasunthe. Japhet akakweza mawu, iye ankangokankhira foniyo patsogolo pang'ono.

Apa mtima wa Japhet unaphulika. Anatsika paguwa, maikolofoni ili m'manja, n'kukaima pamaso pa mayiyo. Dalesi anayesa kubweza dzanja koma anachedwa. Japhet anaitsomphola foniyo, ndipo atayang'ana anaona zoposa zomwe ankaganiza. Sikuti mayiyo ankawerenga mauthenga. Foniyo inali pa mzere, munthu akumvetsera mbali inayo. Dzina lake linangolembedwa kuti Aneba.

"Abusa, iyayi, chonde," Dalesi ananong'ona.

Japhet anaikweza foniyo kuti mpingo wonse uione. Anati taonani, mawu a Mulungu akulalikidwa, wina ali pa macheza ndi aneba. Kenako anaiyandikiza pakamwa, n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti liwu lililonse likafike.

"Inu muli ukoko, kaya ndinu ndani, ndilibe nanu mawu. Mwatisokoneza mokwanira. Musadzaimbenso kuno."

Anaidula, anaizima, n'kuiponya pathebulo la zopereka. Tchalitchi chonse chinaomba m'manja. Dalesi anagwetsa nkhope, n'kuphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje. Japhet anaganiza kuti ndi manyazi, ndipo kunena zoona anakondwa nazo.

Ulaliki wotsalawo unayenda ngati madzi. Munalibe foni yolira, munalibe wotuluka panja. Popemphera pomaliza Japhet anamva bata lomwe anali asanalimve chiyambire matenda a bambo ake. Anati mumtima, tsopano njira yayera, tsopano Ambuye ayankhula. Anakhalabe chogwada anthu akutuluka, makutu ali tcheru, kudikira.

Atatsegula maso anapeza tchalitchi chili mbee, kupatula Dalesi amene anali pa benchi yake yomwe ija. Japhet anatenga foniyo n'kumupatsa. Anamuuza mofatsa, monga amachitira munthu amene wapambana, kuti sanachite zimenezo pomuda, koma kuti macheza ali ndi malo ake. Anafunsanso kuti aneba akewo ndi otani, osadziwa kuti Lamulungu m'mawa anthu amakhala pamaso pa Mulungu.

Dalesi anapukuta foniyo ndi chitenje, osamuyang'ana.

"Ndi Che Umar," anatero. "Analumbira kuti sadzakuyankhulani, koma kukumverani sanalumbire. Amandituma ndine, kuti azimva mawu anu ali chigonere. Lero anati mukamaliza ndikupatseni foniyi, akuitaneni okha kunyumba."

Dalesi anaiyatsa foniyo, n'kuimba nambala ija. Inaitana, inaitana, mpaka inaduka yokha.