Mkamwini amene anakweza apongozi ake m'lichero

Panali munthu wina kufupi ndi Ngokwe ku Machinga, dzina lake Lyford. Amene anandiuza nkhaniyi akuti analipo.

Lyford anali mkamwini, koma iye ndi khasu sankamwerana madzi. Ntchito yake inali ya pa laputopu. Ankajambula zikuto za magazini a nthano za kumwezi, zooneka ngati zakalekale, za mitundu yofwifwa, maloboti ndi ndege zozungulira ngati mbale. Azungu a pa intaneti ankazikonda. Koma chaka china kutagwa njala, iye ndi mkazi wake Mtendere ankadya za m'nkhokwe ya apongozi ake, mayi Lena. M'mudzi monse ndi iwo okha amene anakololako, chifukwa anali ndi dimba ku nyanja ya Chiuta.

Tsiku lina mzungu wina anafuna chikuto cha mfumukazi yolusa ya kudziko lina. Lyford anasakasaka nkhope yoopsa, osaipeza. Kenako anamva apongozi ake akukalipira mbuzi. Anabisala kuseri kwa bafa n'kuwatola chithunzi pa foni.

"Abambo, musatero," anatero Mtendere. "Amayi si oseweretsa."

"Iyayi, izi zikupita kunja. Kuno aona ndani?"

Pa laputopu paja, apongoziwo anawapaka nkhope yobiriwira, anawameretsa tinyanga tiwiri, n'kuwakhazika m'ndege yozungulira ija, ikuyamwa chimanga m'munda ndi kuwala kwake. Kunena chilungamo, chikutocho chinakongola. Koma matama anamupweteka. Anachiika pa sitetasi, ati kwa kanthawi chabe.

Pofika madzulo chithunzi chinali chitawoloka Shire pa Liwonde, chafika ku Balaka, n'kubwerera chili ndi mawu pansi pake: "Onani kumene kunapita chimanga chathu."

Kutacha, anthu anadzaza pakhomo pa mayi Lena, matumba ali m'manja. Ambiri ankadziwa kuti ndi za pa kompyuta, koma munthu wanjala sataya mlandu womukomera. Patsogolo panali a Usumani, oyandikana nawo nyumba, amene munda wawo unapsa ndi dzuwa.

"Mayi Lena, ili si lichero ili?" anafunsa a Usumani, akuwaonetsa foni. "Ife tinkati ndi ng'amba, kani mumakawa m'minda mwathu! Tibwezereni chimanga."

Lyford anatuluka ndi laputopu. "Si lichero, bambo, ndi ndege ya kumwezi! Ndajambula ndine. Taonani." Anadina kamodzi, nyanga zinachoka. Anadinanso, apongozi anasowa m'ndegemo, chimanga n'kubwerera m'munda.

Anthu anafutukira m'mbuyo.

"Aa, ndiye woyendetsa wake ndi uyu!" anakuwa mayi wina.

"Poti wabweza apo, bweza ndi kwanga," anatero a Usumani. "Munda wanga uli kuseri kwa mzikiti."

Palibe amene anasuntha. Mpaka mayi Lena anatsegula nkhokwe n'kuyamba kugawa, aliyense kambale kake, mtima ukuwawa. Pomwe womaliza ankachoka, nkhokwe inali itafika pakati.

Atatero anaitanitsa chithunzi chija. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako analankhula ndi mwana wawo, mkamwini ali chiimire poteropo.

"Mtendere, undifunsire mwamuna wakoyu. Tikakumana panjira amapatukira kutchire ngati munthu waulemu. Nanga dzino langa loguluka lam'katili analiona liti?"

Pomwepo mayi Lena anagamula mlandu.

"Atenge bulangeti lake ndi chimakina chakecho. Pano asadyenso."

Masana omwewo anthu anamuona pa siteji akudikira matola, laputopu ili kukhwapa. Mtendere sanamuperekeze.

Phunziro: Luso lopanda ulemu limakuchotsa pamene umadya. Musaseweretse nkhope ya munthu musanamupemphe, ndipo mkazi wanu akati musatero, mverani. Tumizirani ena, makamaka akamwini amene ali ndi mafoni.