Shasha Anamanga Katsache Manja

Panali munthu wina pakampani yopanga mawebusaiti, amene anzake ankangomutcha Shasha chifukwa chilichonse ankati anachidziwa kale. Anali asanakhazikike pantchito, ndipo abwana anamuuza kuti akadzasangalatsa kasitomala wamkulu wobwera Lachisanu, mpando ndi wake.

Ntchito yake inali yoyesa mawebusaiti. Pulogalamu yake inkatsegula mabulawuza ambirimbiri, mapulogalamu oonera mawebusaiti, pamaseva, makompyuta akuluakulu a kampani, n'kumadinadina ngati munthu. Koma mayeso akafera panjira, mabulawuzawo ankatsala otsegula, kumangodya malo. N'chifukwa chake mayi woyang'anira maseva anaika kapulogalamu kodzuka kokha ola lililonse n'kutseka otsalira onse. Ankakatcha Katsache.

Tsiku lina Katsache kanatseka bulawuza ya Shasha mayeso ali mkati. Mkulu uja analusa.

"Mayi, kanthu kanu aka kandiwonongera ntchito!"

"Pepani achimwene. Pali chizindikiro choika pamayeso kuti kasakhudze, ndikupatsani. Koma n'cha mayeso otenga nthawi okha, ndipo mukamaliza muzitseka nokha."

"Zazing'ono izo, mayi."

Zazing'ono kuti? Shasha anaika chizindikirocho pamayeso ake onse, n'kuphatikizapo dzina lake kuti anthu adziwe mwini nzeru. Kutseka ndiye sanatsekepo. Mnzake akadandaula za Katsache, iye ankaseka. "Aise, ukuvutikiranji? Kopera fayilo yanga." Anakopera mmodzi, kenako ofesi yonse, chizindikiro ndi dzina la Shasha zili momwemo. Katsache kankadzukabe pa nthawi yake, n'kupeza chilichonse chili ndi chizindikiro, n'kubwerera chimanjamanja.

Mayi uja ataona maseva akulemera anapita pa desiki ya Shasha.

"Achimwene, tsekani zinthu zanu zija."

"Mawa, mayi. Panopa ndili ndi zazikulu."

Lachisanu kasitomala anafika, Shasha atatchena tayi. Shasha anadina batani kuti mayeso ayambe. Zii. Anadinanso, thukuta kamukamu. Maseva anali atadzaza, popanda malo otsegulira bulawuza ngakhale imodzi.

Abwana anaitanitsa mayi uja, ndipo iye anaonetsa mabulawuza otsalira pasikirini yaikulu, aliyense akuona. Kuyambira pamwamba mpaka pansi: Shasha, Shasha, Shasha.

"Bwana, si anga onse amenewa!"

"Nanga dzinali n'la ndani?"

Shasha anatembenukira anzake aja. Onse anangoti zyoli, wina n'kuyamba kumanga nsapato yomanga kale. Kasitomala ananyamula chikwama chake mwaulemu n'kutsanzika.

Masana omwewo mayi uja anachotsa chizindikirocho, Katsache n'kusesa zonse kamodzi. Lolemba pampando wa Shasha panali patakhala munthu wina.

Phunziro: Chimene anaika kuti chititeteze tonse, osachizemba chifukwa chakusokoneza tsiku limodzi. Ukatsegula, tseka, ndipo njira yachidule imene ukugawira anzako idzabwera ndi dzina lako. Tumizirani ena, makamaka ashasha a mu ofesi mwanu.