Chiswe cha Paguwa

"Bambo, matabwa a paguwa aja atha ndi chiswe. Lero mungolalikira pansi," anatero mayi busa uku akuwakonza kolala amuna awo.

"Kodi mayi, uneneriwu munauyamba liti?" anaseka abusa. Nyimbo ya chisweyi inali itawakwana, poti sabata iliyonse inali yomweyo.

Atakwera paguwa, ulaliki unawakomera. Anasimba za mtundu wina umene Mulungu anautumizira aneneri mobwerezabwereza, koma unatseka makutu mpaka mzinda wawo unasanduka bwinja.

"Anauzidwa! Anachenjezedwa! Koma anaumitsa khosi!" Mawu aliwonse ankawaperekeza ndi chidendene pathabwa. "Ndiye tsiku lina, abale anga, anthu aja anangoti..."

Thyoo! Thabwa linathyoka, abusa n'kulowa mpaka m'chiuno, Baibulo lili m'mwamba.

Akuluampingo anasowa poyang'ana. Abusa anaponya maso kubenchi lakutsogolo, kuchonderera chamumtima kuti mkazi wawo asatsegule pakamwa.

Mayi busa anapinda manja mwaulemu.

"Pitirizani, bambo, tikumva," anatero mokoma. "Anthu ouma khosi aja anangoti bwanji?"